Tchalitchi cha Kuseri kwa Komboni

Ndisananyamuke kupita ku Halale, kutchalitchi ndinkapita chifukwa cha mkazi wanga. Esinati ndiye anali wa mapemphero. Ine ndinali mkamwini pamudzi pawo, kufupi ndi Nkaya, ndipo mkamwini sangakhale pakhonde n'kumasenda nzimbe Lamulungu m'mawa apongozi ake akudutsa atavala zoyera. Ndiye ndinkatsuka miyendo, kuvala malaya anga amodzi aja, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo pamene pankadutsa kamphepo. Tchalitchi chathu chinali chadothi, chofolera udzu. Ulaliki ukatalika ndinkayang'ana mavu akumanga zisa kudenga. Kalasi ndinalowa, ubatizo ndinalandira, kuwerenga ndinkadziwa kwa mojejemajejema. Koma mukanandifunsa nthawi imeneyo kuti kupembedza n'kutani, ndikanakuuzani kuti ndi kukhala chete mpaka aphunzitsi atatopa kuyankhula.

Chaka chimene mbozi zinatidyera thonje, amalume ake a Esinati anayamba kundiyankhula mokuluwika. Akaona munthu akudutsa panjinga ankati, “Onani amuna enieni, abwera dzana lomweli kuchokera kunja.” Sankandiyang'ana, koma pabwalopo mwamuna wina panalibe. Mwana wathu Yunisi anali atangoyamba kukwawa pamene ndinamanga kamtolo kanga. Esinati anandikazingira chimanga ndi mtedza, nandiperekeza mpaka panjanji. Sanalire. Anangoti, “Mukapeza munthu wobwera kuno, mudzatumizeko ngakhale mawu okha.”

Ulendo wake sindiufotokoza wonse. Sitima inatisiya ku Blantyre, kenako lole, kenako miyendo, mpaka kuwoloka Zambezi pa Tete mapazi atatupa ngati mikate. Panjirapo ndi pamene ndinadziwana ndi Che Saidi, msodzi wa ku Chiuta, Msilamu, munthu wamfupi woseka ndi thupi lonse. Anali ndi matemba ouma m'thumba, ine ndinali ndi mtedza, ubwenzi unayambira pomwepo. Chimene chinkandikwiyitsa n'choti dzuwa likafika pamutu ankapatuka, kusamba m'manja ndi kumaso ndi timadzi tochepa tomwe tinali nato, n'kuyamba swala pambali pa msewu. Ine ndinkatsala ndikulondera mitolo, anzathu akutisiya.

“Che Saidi, Mulunguyo simungakamupeze kutsogoloko?” ndinawafunsa tsiku lina.

“Ndikamupeza, achimwene,” anatero. “Koma kunonso aliko, ndiye ndingamudutse osamulonjera?”

Ntchito tinaipeza pamgodi wina waung'ono wa golide, kutali ndi tawuni. Anatipatsa chipinda chimodzi m'komboni, m'mizere ya tinyumba tamalata totentha masana ngati ng'anjo. Phoso lathu linali mgaiwa, nyemba, mchere, ndi kanyama Loweruka. Ine ndinkakankha ngolo za miyala pansi pa nthaka, m'madzi ofika m'mawondo, akapitawo akukuwa m'chilapalapa, chiyankhulo cha pamgodi chomwe chilibe mawu opepesera. Masabata oyamba ndinkatuluka m'dzenjemo makutu ali gwa, manja osatha kufumbata.

Lamulungu kunalibe ntchito. Ena ankapita ku mowa kumafamu oyandikana nafe, ena ankatchova njuga, ena ankangogona. Ine ndinali kuchapa buluku pampopi pamene ndinamva nyimbo kuseri kwa komboni, chakumulu wa miyala yotayidwa. Inali nyimbo ya kwathu, m'chiyankhulo chathu, yomwe Esinati ankaikonda posinja. Sindinapite chifukwa cha Mulungu, iyayi. Ndinapita chifukwa khutu linali ndi njala.

Ndinapeza amuna okwana kudzaza lole imodzi atakhala pamiyala ndi pamabokosi pansi pa mkuyu wopindika. Kunalibe mpanda, kunalibe belu, kunalibe mayi ndi mmodzi yemwe woti akweze nyimbo, ndiye mawu onse ankayenda pansipansi, mwaulesi, ngati ng'ombe zobwerera kudambo. Kutsogolo kunaimirira bambo wina wa imvi, wowonda, atagwira buku lokutidwa ndi kansalu. Amenewo anali a Filipo a ku Ngokwe. Sanali mphunzitsi, sanali mkulu wa mpingo. Ankagwira ntchito pachigayo cha miyala, pakuti chifuwa chinali chitawaletsa kutsika pansi.

Ndinamva pambuyo pake kuti poyamba Akatolika ankapempherera kwaokha, ifenso kwatokha, gulu lililonse anthu owerengeka, n'kumaponyerana mawu. Wamkulu wa Akatolikawo anali a Lino, Mlomwe wa kufupi ndi Balaka, munthu wa mawu okoma koma wa mtima wapachala. A Filipo anawapitira nawafunsa kuti, “A Lino, denga likamang'aluka pansi paja, mumayamba mwafunsa mpingo wa munthu musanamukoke?” A Lino anakwiya sabata yathunthu, kenako anabwera ndi anthu awo. Anagwirizana kuti wogwada azigwada, wokhala azikhala, nyimbo azisinthana. Pamene ine ndinkafika, anthu a mpingo wathu anali atadziwa kale nyimbo za Akatolika, iwonso zathu, ndipo panalibenso woziona zachilendo.

Koma chimene chinandigwira ndi mwambo wina umene a Filipo anauika. Akatha kuwerenga ndi kufotokoza pang'ono, ankayamba kumapeto kwa mzere, ndipo munthu aliyense ankatchula mokweza mudzi wa kwawo ndi maina a anthu amene anawasiya. Wina ankati, “Ku Ulongwe, mayi anga ndi mkazi wanga Mariya.” Tonse tinkayankha kuti, “Ambuye awasunge.” Wina n'kutchula ake, ifenso chimodzimodzi, mpaka mzere wonse utatha. Zinkatenga nthawi, dzuwa n'kumatipeza pomwepo, koma panalibe wonyinyirika. Itafika nthawi yanga ndinati, “Ku Nkaya, Esinati ndi Yunisi,” ndipo amuna onse aja, oti sanawaonepo anthu anga, anayankha ndi mawu amodzi. Ndinabwerera kukomboni thupi lili lopepuka, osadziwa kuti chandichitikira n'chiyani.

Kuyambira pamenepo sindinkajomba. Mapemphero akatha anthu sankabalalika msanga. Odziwa kuwerenga ankawerengera anzawo makalata. Wobwerera kumudzi ankalengeza pomwepo, ife n'kumusenzetsa timitolo ndi mauthenga. Wodwala ankadziwika pomwepo, pakuti mwala wake unkakhala wopanda munthu. Ndi njira imeneyo ndinatumizira Esinati bulangete loyamba ndi nsalu ziwiri, iyenso nanditumizira yankho loti Yunisi wayamba kuyenda ndipo amathamangitsa nkhuku za agogo ake.

Tsono ndinene za chaka chachitatu, ngakhale sizindikomera. Ndinayamba kupita nawo ku mowa kufamu ina, ndipo kumeneko kunali mkazi wina wophika mowawo. Dzina lake lilibe ntchito pano. Anali munthu wabwino mwa njira yake, ndipo cholakwa chinali changa, pakuti ndinamuuza kuti ndine mbeta yachimuna. Miyezi inadutsa osatumiza kanthu kumudzi, ngakhale mawu okha aja. Ndipo kumkuyu ndinasiya kupita. Kuimba ndikanatha, kumva ulaliki ndikanatha, koma kuimirira pakati pa amuna anzanga n'kutchula Esinati ndi pakamwa pomwepo pamene ndinamukanira, zimenezo zinandikanika. Ndikaona a Filipo akubwera ndinkakhotera kuchimbudzi.

Lamulungu lina m'mawa ndili chigonere, mutu ukuwawa, ndinamva mapazi ambiri panja. Kenako a Lino anayambitsa nyimbo pakhomo pathu penipeni. Ndinadzifunditsa bulangete kumutu.

“Che Saidi, musatsegule,” ndinanong'ona.

Che Saidi anali kusoka nsapato yawo pakama. Anaika singano pansi n'kuti, “Achimwene, ine si Mkhristu, nkhani zanu sindilowerera. Koma chitsekochi ndi changanso, ndipo kwathu mlendo sitimusiya panja.” Anatsegula chitseko chonse, natulutsa bokosi lawo kuti a Filipo akhalepo.

Anachita mapemphero onse pakhomopo, anthu a mitundu ina ataima patali kuonerera. Ine ndinadzuka n'kukhala pakama nditazolika. A Filipo sanalalikire za mowa, sanalalikire za akazi. Anawerenga pamene analekezera sabata yatha. Kenako maina anayamba, munthu ndi munthu, kuzungulira, mpaka anafika pakhomo. Panali zii. Palibe anandiitana, palibe anatsokomola. Anangodikira. Ndinamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa nyumba.

“Ku Nkaya,” ndinatero. “Esinati.”

“Ndi mwana?” anafunsa a Filipo mofatsa.

“Ndi Yunisi.”

“Ambuye awasunge,” anayankha onse, ndipo mzere unapitirira kwa munthu wotsatira ngati palibe chachitika.

Anthu atapita, a Filipo anatsala. Tinakhala pamthunzi wa khoma, iwo akutsokomola, nandiuza zawo. Anachoka ku Ngokwe ali mnyamata wa mphamvu, nasiya mkazi ndi ana awiri. Anati chaka chilichonse ankanena kuti apita chaka chamawa, mpaka anamva kuti mkazi wawo anakwatiwa ndi wina, ana akuitana munthu wina kuti bambo.

“Ine ndinatchona, mphwanga,” anatero. “Ndimawatchulabe Lamulungu lililonse, mumandimva. Koma ndinachedwa kuyamba. Munthu saiwala kwawo tsiku limodzi. Amangosiya kutchula, basi.”

Kufamu kuja ndinapitako kamodzi kokha, masana, kukamuuza mkazi uja zoona. Ananditukwana mpaka pamsewu, ndipo ankayenera kutero.

Chifuwa cha a Filipo chinakula m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Anayamba kuwerenga atakhala pansi, kenako ankangotsegula buku n'kupatsa wina. Atawagoneka m'kachipatala ka pamgodi tinkasinthana kukawaona tikaweruka. Tsiku lina madzulo, dzuwa lisanalowe, anatulutsa buku lija kunsi kwa pilo n'kuliika pamiyendo panga.

“Iyayi, bambo,” ndinakana. “Apatseni a Lino. Ine kuwerenga kwanga mukukudziwa, komanso mbiri yanga anthu onse akuidziwa.”

“A Lino ndi a nyimbo, ndayankhula nawo kale. Ndikufuna munthu woti wina akasowa pamwala pake, adziwe kumene angakamupeze.” Anapuma kaye. “Ndipo chinthu chimodzi ndikupempheni. Musalole kuti andikwirire ngati galu.”

Ankadziwa chimene ankanena. Pamgodipo munthu akafa pakati pa sabata, ankamukulunga m'bulangete, antchito awiri a kuchipatala n'kukamukwirira kutchire, ntchito osaima. A Filipo anatisiya Lachitatu m'mamawa. Ine ndi a Lino tinapita kwa kapitawo wamkulu kukapempha kuti atilole theka la tsiku lokha.

“Ngolo sizikankhidwa ndi nyimbo,” anatero. “Mzungu akufuna anthu okwanira pansi. Wosatsika atenge katundu wake azipita.”

Tinabwerera kukomboni titasowa pogwira. A Lino ankafuna kuti tingokana tonse, zichitike zochitika, koma ambiri anali ndi ana kumudzi, ndipo ndinkaona mantha m'maso mwawo. Pamenepo Che Saidi, amene sabata imeneyo ankalowa masana, anafunsa kuti, “Kapitawoyo wati akufuna anthu okwanira, kapena wati akufuna Akhristu?”

Sanadikire yankho. Anayenda m'mizere ya komboni kuitana Asilamu anzawo, a ku Chiuta, a ku Liwonde, a ku Mangochi, onse olowa masana. Anapita kwa kapitawo n'kumuuza kuti atsika m'mawa m'malo mwathu, n'kupitiriza ndi nthawi yawo yomwe. Kapitawo anawayang'ana ngati amisala, koma mitu inakwana, ndipo anavomera.

Tinakhoma bokosi ndi matabwa otsala a pamgodi. Tinawanyamula a Filipo pamapewa kudutsa pamkuyu paja mpaka kumanda, a Lino akutsogolera nyimbo, yathu kenako yawo. Pamanda anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinatsegula buku, ndinawerenga mizere iwiri, wachitatu ndinasochera, zilembo zikusambira m'misozi. Ndinalitseka. Ndinayamba kungoyankhula, monga mmene munthu amayankhulira ndi mkulu wake amene amamudziwa bwino. Ndinati, “Ambuye, awa ndi a Filipo a ku Ngokwe. Mukuwadziwa kuposa ife. Kwawo sanafike, tsono alandireni kwanu. Ife tatsala kuno, tigwireni dzanja, pakuti patokha timasochera.” Zina zimene ndinanena sindizikumbukira. Chimene ndikukumbukira n'choti kwa nthawi yoyamba sindinkaganiza za anthu ondimvera, ndipo ndinkadziwa kuti sindikuyankhula ndekha.

Titabwerako tinaphikira anzathu aja. Tinagula mbuzi kufamu, n'kupempha Msilamu wina wodwala mwendo, amene sanatsike nawo, kuti aizinge mwa chikhalidwe chawo. Anatuluka m'dzenje atatuwa, ena akudzandira ndi kutopa. Che Saidi anakhala pansi, nalandira mbale ndi manja awiri, n'kuthokoza m'chiyankhulo cha kwawo kuti, “Sikomo kwejinji. Koma nyimbo zanu zija n'zazitali, achimwene. Tinkayesa mukwirira komboni yonse.” Tinaseka tonse, tsiku la maliro lomwelo. Kuyambira pamenepo, m'mwezi wawo wosala kudya, ngolo zolemera tinkakankha ndife.

Ndinatsogolera mapemphero a pamkuyu zaka zonse zimene ndinatsala kumeneko. Kuwerenga kwanga kunawongoka chifukwa cha manyazi, ndinkayeserera Loweruka madzulo Che Saidi akundiseka. Anthu ankabwera, ankapita, maina ankasintha. Kangapo ndinatenga gulu lonse kukaimba pakhomo pa munthu. Ena anabwerera, mmodzi anatithira madzi a nyemba, nasamukira kumgodi wina. Njala yaikulu ija itagwa kwathu, makalata ankabwera oopsa, ndipo mapemphero ankatalika. Aliyense ankatumiza chimene akanatha. Mayi anga anamwalira m'nyengo imeneyo, ndipo anandithandiza kulira maliro pamkuyu pomwepo, amuna oti sanadyepo chakudya chawo.

Njala itatha ndinati basi. Buku ndinalisiya m'manja mwa a Lino, amene pofika nthawiyo anali atafatsa. Che Saidi anali atabwerera kale ku Chiuta kukagula bwato. Ndinatsika sitima pa Nkaya ndi sutikesi ndi njinga, ndikudziona ngati munthu wamkulu.

Kumudzi zinthu sizinandidikire. Amalume aja anali atakalamba, osaonanso bwino, njinga yanga anangoipapasa n'kuti, “Ehe.” Yunisi anali msungwana wotha kusenza mtsuko. Atandiona anagwada patali n'kuthamangira kwa mayi ake kukanena kuti kwabwera alendo. Esinatinso sanali mtsikana wofatsa uja ndinamusiya panjanji. Anali ataphunzira kuwerenga kuposa ine, ankatsogolera msonkhano wa amayi Lachinayi, munda anaulima yekha zaka zonsezo, ndipo ankayankhula ngati munthu wozolowera kumveredwa. Anandipatsa madzi osamba, anandiphikira nkhuku. Titatha kudya anakhala pamphasa moyang'anana nane.

“Mwabwera kudzakhala, kapena kudzacheza?”

“Kudzakhala, mayi.”

“Miyezi ija munali zii, ndinkadziwa chimene chinkachitika. Sindine mwana.”

“Zinali choncho,” ndinavomera. “Ndinalakwa.”

Anathothola ulusi wa nsalu yake. “Nanga anakubwezani ndani?”

“Amuna anzanga. Anadzandiimbira pakhomo.”

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuseka. Ataona kuti sindikuseka anati, “Mudzandiuze bwino tsiku lina. Mawa kuli kupalira.”

Tchalitchi ndinachipeza cha njerwa, chili ndi mazenera, ndi mphunzitsi watsopano woti sankandidziwa. Ndisabise, mumtima ndinkayembekeza kuti anditchula, andiitanire kutsogolo, pakuti ndinali nditatsogolera anthu zaka zambiri. Sanatero. Anangolengeza kuti amuna awo a mayi Esinati abwera, anthu n'kuwomba m'manja pang'ono. Ndinakhala pakati pa abambo. Nyimbo itayamba ndinapezeka ndikutsalira, pakuti ndinali nditazolowera kuimba kwa pamgodi kokoka kuja, pamene amayi a kuno ankathamanga nayo m'mwamba. Yunisi anandicheukira kuchokera kumbali ya atsikana, nabisa kuseka m'manja. Ndinasiya kuimba n'kungomvetsera. Zaka zonse zija ndinali ndisanamve mawu a akazi m'nyimbo ya Mulungu. Kachikhumbo ka kutsogolo kaja kanandithera pomwepo. Ndinali pakati pa anthu anga, ndipo zinandikwanira.

Titatuluka, anthu akulonjerana pabwalo, mayi wina wachikulire anandikoka malaya. Anali mayi ake a Wilisoni, amene tinkasewera limodzi kale. Wilisoni anapita ku Joni ine ndisananyamuke, ndipo kuyambira pamenepo sanamvekenso.

“Mwanangu, simunakumane naye kumeneko?”

“Iyayi, mayi. Joni ndi kwina, ine ndinali ku Halale. Ndi kutali kwambiri.”

Anagwedeza mutu, ngati ankadziwa kale. Koma malaya sanawasiye.

“Tandiuzani chimodzi chokha. Kumigodiko, anthu amapemphera? Kuli matchalitchi?”

“Kumene ndinali kunalibe tchalitchi, mayi. Koma amapemphera. Amapeza mtengo, amakhala pamiyala, amaimba nyimbo zomwezi. Ndipo wina akasowa, anzake amamulondola.”

“Amamulondola?”

“Mpaka pakhomo.”

Anandisiya malaya, nawasalaza ndi chikhatho pamene anawakwinya.

“Basi,” anatero. “Ndiye sali yekha.”

Anatola ndodo yawo n'kulowa njira ya kwawo. Ine ndinakankha njinga kutsatira Esinati ndi Yunisi, amene anali atayamba kale kuyenda.